MAGANIZO OLAKWA POYAMBA MALONDA

M'midzi yozungulira phiri la Chongoni muli anthu ambiri ofuna kuyamba malonda ao-ao. Ena aganiza zotsegula kantini, ena zopikula mbatata ya kachewere ndi kukagulitsa pa mseu waukuru wa ku Lilongwe. Chimenechi ndi chinthu chabwino ndithu, koma malonda ambiri amafa akali aang'ono, ndipo kawirikawiri chowapha ndi maganizo olakwa amene eni ache anayamba nao.

"Chosowa ndi ndarama basi"

Ambiri ati munthu akangopeza ndarama zambiri ndi nyumba yabwino, malonda ayenda okha. Mbiri ya dziko lino ikana zimenezi. Kuyambira mu 1970 Boma linalamula Amwenye kuchoka m'masitolo a kumidzi, ndipo pofika 1978 analoledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu kokha. Amalawi amene analowa m'masitolowo anapeza nyumba ziri zomanga kale ndi ogula ali ozolowera kale, komabe masitolo ambiri anatsekedwa. Eni atsopanowo anasowa luso loitanitsa katundu, lowerengera phindu ndi losunga mpamba, ndiye ndarama zoyambira malonda.

Ngongole nayonso si mphatso iai. Boma linakhazikitsa MARDEF mu 2005 ndi NEEF mu 2020 kuti anthu azikongolako, ndipo ambiri anavutika pobweza. Chiongoladzanja sichidikira kuti katundu agulidwe. Nkwabwino kuyamba ndi zochepa za m'thumba, pakuti wolakwitsa pa thumba limodzi aphunzira, koma wolakwitsa pa matumba makumi asanu a ngongole agulitsa mbuzi ndi njinga.

"Zonse za m'bokosi ndi phindu"

Apa ndi pamene agwera anthu ambiri. Mwachitsanzo, munthu wagula thumba la kachewere pa K50,000, walipira galimoto K5,000 ndi tikiti ya pamsika K500. Madzulo wapeza K62,000 m'bokosi. Phindu lache ndi K6,500 yokha. Akatapapo K10,000 ya ndiwo ndi sopo, wadya K3,500 ya mpamba, ndipo mawa sangathe kugula thumba lodzaza. Akapitiriza kuchita chotero, malonda atha iye osadziwa chimene chawatha.

Ndiponso mpamba uyenera kuwerengedwa ndi katundu, si ndarama zokha. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iriyonse, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Amene anagulitsa pa mtengo wakale anaona ngati apindula, koma popita kukapikula anabwerako ndi katundu wochepa. Wamalonda wanzeru afunsa mtengo wa mawa asanaike mtengo wa lero.

"Chopindulitsa mnzanga chindipindulitsa inenso"

Nyengo yokolola, pa Chimbiya, pa Linthipe ndi pa Bembeke pamadzaza kachewere, matimati ndi kabichi. Ogulitsa akachuruka mtengo umagwa, ndipo zotsala zimaola. Munthu asanayambe, adzifunse mafunso awa: Adzagula ndani? Adzagula kangati pa mwezi? Alipo angati ogulitsa kale chinthu chomwecho? Mwina m'mudzi wa makantini anai mulibe wokonza njinga kapena wosoka zobvala.

Ena ayembekezera alendo. Nzoona kuti mu 2006 bungwe la UNESCO linaika zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma mlendo amabwera tsiku limodzi nabwerera kwao, pamene mnansi amagula mchere sabata ndi sabata. Wosema ziboliboli kapena woumba mbiya ayenera kudziwa kumene adzagulitsa masiku opanda alendo.

"Kumana mbale ngongole ndi nkhanza"

Akuru anati chibale ndi fupa, sichiola. Komatu mpamba umaola. Lero malume atenga shuga, mawa mlamu atenga mafuta, onse ndi mau akuti "ndidzapereka ndikagulitsa nyemba." Mashelefu akauma, abale omwewo apita kukagula kwina ndi ndarama pamanja. Wamalonda angathe kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani amalume, katunduyu ngwa malonda, koma pakutha pa mwezi ndidzakuthandizani ndi za m'thumba mwanga." Kuthandiza abale kuchokere pa phindu. Ngati nkofunika ndithu kukongoza, dzina, tsiku ndi mtengo zilembedwe wokongolayo ali pomwepo.

"Wolemera ndi wokhwima"

Munthu akapita patsogolo, ena anong'ona kuti ali ndi zizimba. Maganizo amenewa aononga pawiri. Wina ataya ndarama kwa sing'anga m'malo moonjezera katundu, ndipo wina aopa kukuza malonda ache kuti angamnene ufiti. Koma woyang'anitsitsa aona kuti wopindulayo atsegula m'mamawa anzache akali mtulo, sanyenga pa muyeso, ndipo sasiya mwana yekha pa bokosi la ndarama. Mwini malonda sapuma monga aganizira ena. Nthawi zambiri agwira nchito yoposa ya wolembedwa.

Zoyenera kuchita

Wofuna kuyamba agule kope ndi pensulo asanagule katundu. Tsamba lina alembepo zolowa, lina zoturuka, tsiku ndi tsiku. Adziikire malipiro ache a pa sabata, ndipo asapitirire pamenepo. Zotsala asunge ku banki m'khonde kapena pa lamya, kumene dzanja silifika msanga. Wotsegula sitolo apite ku ofesi ya khonsolo ku Dedza kukafunsa za chiphaso cha malonda, kuti angadzalipire chindapusa pambuyo pache.

Aphunzitsi nao ali ndi mbali yao. Pophunzitsa masamu apatse ana zitsanzo za matumba a kachewere ndi mitengo ya pa msika wa kwao, ndipo awerengere nkhani iyi makolo amene sadziwa kuwerenga. Mwana wodziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu adzathandiza kusunga malonda a banja lonse.