Chuma chophikidwa pa mbaula

Chigumu chabwino chimafuna moto wa mbali ziwiri. Pansi pa poto pamakhala makala ochepa ongofunditsa, ambiri amaikidwa pamwamba pa chivundikiro. Moto wa pansi ukachuluka, chigumu chimapserera kunsi m'kati mukadali phala. Amayi odziwa ntchitoyi safuna wotchi. Amamva fungo la nthochi likasintha, n'kubaya pakati ndi kamtengo. Kakatuluka kouma ndiye kuti chapsa. Wophika sikono kapena keke amayala mchenga mu sefuliya yaikulu, n'kukhazika chitini pamchengapo kuti kutentha kufike mbali zonse mofanana. Ku Ndirande, ku Chinsapo ngakhale ku Chibavi, uvuni wa mabanja ambiri ndi umenewu.

Ntchitoyi imayamba kusanache. Wogulitsa mandasi kwa ana asukulu ndi anthu othamangira minibasi amakanda fulawa usiku kuti afufume, n'kudzuka m'ma 4 koloko kukazinga. Pofika 7 koloko beseni lili pamsewu, ana asamba, phala lapsa. Koma funsani bambo wa pakhomopo kuti mayi amagwira ntchito yanji. Yankho lomwe timalimva kawirikawiri n'lakuti, "Sali pantchito, amangokhala pakhomo." Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ndiwo za madzulo omwewo zimagulidwa ndi ndalama ya m'beseni.

Geni imeneyi si yophweka masiku ano. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi amachokera kunja, choncho Kwacha ikagwa, fulawa sachedwa kukwera. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mafuta ophikira anakwera nawo. Shuga timapanga tokha ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, komabe mu 2024 anasowa m'masitolo mpaka anthu kumuimira pamzere. Wa golosale amangosintha mtengo pa shelefu, koma mayi wa mandasi sangatero, poti mwana wasukulu wapatsidwa ndalama yomwe ija ya dzulo. Ndiye amachepetsa kukula kwa mandasi pang'ono pang'ono, akudziwa kuti akapyola malire makasitomala athawira kwa mnzake wa patsidya pa msewu. Wothawira ku zitumbuwa ndi chigumu, poti ufa wa chimanga ndi wathu, amakumana ndi vuto lina: matenda a chisaka anapululutsa minda ya nthochi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, mpaka misika ya m'tauni inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Munthu wowerengera zonsezi m'mutu, mpamba osagwa, ndi katswiri wa bizinesi, ngakhale atalekezera sukulu mu Sitandade 6.

Masana, podikira ogula, manja sakhala chabe. Wina amamasula juzi la pakaunjika kuti apeze ulusi wolukira zipewa ndi masokosi a makanda, omwe amayenda malonda mu Juni ndi Julayi. Wina amatola zigamba za zitenje kwa atelala n'kuzisokerera pa thumba la feteleza, kukhala chopondera cha pakhomo. Phindu lake n'lochepa, koma ndilo limathandiza tsiku limene mvula yagwa m'mawa mandasi n'kutsala.

Pali mnzake wa mayiyu amene sitimutchula: galu. Ndiye amakhala pambali pa mbaula m'bandakucha anthu onse ali mtulo, ndiye amaopseza akuba a nkhuku ndi a makala. Chakudya chake ndi mkute, phala la gaga ndi mitu ya usipa, ndipo womupatsa nthawi zambiri ndi mayi yemweyo kapena ana. Bambo amati "galu wanga" pocheza ndi anzawo, koma tsiku la katemera likafika, wogwira chingwe amakhala mwana.

Nkhani ya katemera si yoseweretsa. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kwake kulibe, ndipo ana ndiwo amalumidwa kwambiri chifukwa chosewera ndi agalu. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ataona ana akumwalira ndi matendawa motsatizana, bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito mu Blantyre mu 2015, ndipo chaka chimenecho agalu oposa 35,000 anabayidwa katemera mu mzindawu. Akatswiri amanena kuti agalu 70 mwa 100 alionse akatemeredwa, matendawa amasiya kufala m'deralo. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo pa madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo achite misala. Pakhomo pomwe ana a anthu amabwera kudzagula zitumbuwa m'mawa uliwonse, galu wosabayitsa ndi ngozi kwa mudzi wonse, ndipo udindo umenewu suyenera kusiyidwa m'manja mwa mwana wa zaka 10.

Zonsezi zimakathera m'banja. Pa chilangizo mtsikana amauzidwa zambiri: kuphikira mwamuna, kulandira alendo, kulemekeza apongozi, kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Za ndalama ya geni sizimveka kwenikweni. Kodi ndi ya ndani? Kodi bambo akatapa m'beseni kuti akwerere minibasi, ndi ngongole kapena ayi? Milandu yambiri imene imafika kwa ankhoswe ndi dzina la "mwano" kapena "kusamvera" mizu yake ili pamenepa. Bambo amaona kuti popeza mpamba woyamba anapereka ndi iye, beseni ndi lake. Mayi amadziwa kuti mpamba ukadyedwa kawiri katatu geni yatha, ndipo akakana amatchedwa wamwano. Mabanja amene ndimawasirira ndi aja bambo amadzuka nawo kukoleza mbaula, kapena kukapikula thumba la fulawa pa njinga, n'kulemekeza lamulo limodzi lokha: phindu tidyere limodzi, mpamba usakhudzidwe.

Lamulo la dziko lili patsogolo pa zolankhula zathu. Lamulo la maukwati, kutha kwa mabanja ndi ubale wa m'banja la mu 2015 limalamula khoti kuti pogawa katundu banja likatha liganizire zimene aliyense anathandizira, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Kuphika, kuchapa ndi kulera ana zimawerengedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabanja ambiri amamva zimenezi koyamba ali pamaso pa woweruza, chikondi chitatha kale.

Ankhoswe angathe kuyambitsa nkhaniyi banja likadali lokoma. Kumapeto kwa chaka magulu ambiri a banki m'khonde amagawana masheya, ndipo ndalama imene mayi wakhala akuponya sabata ndi sabata kuchokera m'mandasi ndi m'zipewa ndiyo imagula feteleza, yunifomu ya ana ndi malata. Kawirikawiri wopita ku sitolo kukagula malatawo amakhala bambo. Ankhoswe afunse kuti pa lisiti palembedwa dzina la ndani.