Gasiketi ya pa Civundikiro ca Mavavu

Inu amene mukhala ku Kanyama, Matero kapena Chawama mwaonapo amakanika ali kukonza magalimoto ndi maminibasi m'mbali mwa mseu. Nchito imodzi imene iwo agwira kawirikawiri ndiyo kusintha gasiketi ya pa civundikiro ca mavavu.

Civundikiro cimeneci cikhala pamwamba penipeni pa injini. Pansi pake pali mavavu, ndiwo tizitseko timene tilowetsa mpweya m'injini ndi kuturutsa utsi. Injini ikamalira, oilo amwazika ponseponse m'menemo kuti zitsulo zisadyane. Cimene ciletsa oiloyo kutayikira kunja ndi mkombero wa mphira wopanidwa pakati pa civundikiro ndi mutu wa injini. Mkomberowo ndiwo gasiketi.

Kutentha kwa tsiku ndi tsiku kuumitsa mphira, ndipo potsiriza pake ing'aluka. Oilo ayamba kukha, fumbi la m'komboni likangamira pomwepo, ndipo akadonthera pa paipi yotentha ya utsi pamveka fungo la kupserera. M'magalimoto ambiri a petulo oilo alowanso m'maenje a mapulagi, injini niyamba kutsokomola.

Makanika wodziwa nchito ayamba wadikira kuti injini izizire. Amasula mabauti, natukula civundikiro mosamala, osacikanganula ndi citsulo cakuthwa, pakuti zikande zace zidzakhala njira ya oilo. Pamenepo apukuta mbali zonse ziwiri kufikira zitauma, ndi kuyang'anira kuti kacidutswa ka gasiketi yakale kasagwere m'kati.

Apa ndi pamene ambiri aphonya. Aganiza kuti kupaka silikoni wambiri ndiko kutseka bwino. Iai! Silikoni afunika pang'ono cabe, m'makona mmene mphira ipindikira. Wocuruka afinyikira m'kati, naduka tizidutswa timene tingathe kutseka sefa ya oilo, ndipo injini yosowa oilo sicedwa kufa. Cimodzimodzinso mabauti: samangidwa ndi mphamvu zonse monga a gudumu. Makanika ayambira pakati kunka kunja, uku ndi uku, pang'onopang'ono, kuti gasiketi ikhale mofanana. Akamanga kwambiri, mphira iphwanyika, mwina civundikiro cipindika, ndipo kudontha kuyambanso.

Pali cinanso cokhudza ife tonse. Pansi pa Kanyama pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Oilo wakuda wotayidwa pansi angathe kufika m'zitsime zimene anthu atungamo. Ayenera kusungidwa m'cigubu cotseka.

Aphunzitsi, bwerani ndi botolo la civundikiro cokhala ndi mphira m'kati. Thiranimo madzi, tsekani, ndi kulizondotsa. Kenaka cotsani mphirayo, mulizondotsenso, ndipo ana alembe m'mabuku mwao zimene aona.