Buku la Zithunzi Loseketsa Pothandiza Ana Oopa Mayeso

Mau Oyamba

Chaka ndi chaka timayendera ophunzira athu amene akuyeserera kuphunzitsa m'sukulu za ku Likuni ndi ku Chinsapo. Pa sukulu ina tinaona mtsikana wa mu Sitandade 3 amene Lolemba anaŵerenga ndime yonse mosadodoma. Lachinai, tsiku la mayeso, ataitanidwa kuti aŵerenge ndime yomwe ija, anangoti kakasi, manja ali njenjenje, misozi iri lengelenge. Mphunzitsi anamlembera kuti walephera. Koma mwanayo kuŵerenga anali kukudziŵa. Chimene chinayesedwa tsiku limenelo ndi mantha ake.

M'nkhani ino tifotokoza kumene mantha otere amachokera, ndi m'mene buku la zithunzi loseketsa lingathandizire ana a Sitandade 1 mpaka 4 kufika pa mayeso mtima uli m'malo.

Gwero la mantha

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akamayamba sukulu sadziŵa kuti mayeso ndi chinthu choopsa. Amaphunzira zimenezi kwa ife akulu. Mphunzitsi amati, "Mudzaona pa mayeso!" Kholo limalonjeza mkwapulo. Pa tsiku lotsekera sukulu maina amaŵerengedwa pa bwalo, ndipo wolephera amapita kwao anzake akumkuwiza. Amaonanso akulu ake a mu Sitandade 8 akuchezera kukonzekera mayeso a bungwe la MANEB, ndipo amamva kuti tsogolo lonse la munthu lagona pa pepala limodzi.

Akatswiri anayamba kale kufufuza za vutoli. Mu 1952 George Mandler ndi Seymour Sarason a ku Yunivesite ya Yale ku Amereka anaonetsa kuti ophunzira a nkhaŵa kwambiri amakhoza mocheperapo akauzidwa kuti akuyesedwa. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu akaopa, thupi limatulutsa madzi otchedwa adirenalini: mtima umagunda msanga, m'kamwa mumauma, m'manja mumatuluka thukuta. Thupi lakonzekera kuthaŵa, pamene mwanayo afunika kukhala pansi ndi kuganiza. Kuonjezera apo, mbali ya nzeru imene imagwira zinthu pa kanthaŵi pamene tikuŵerengera masamu iri ngati kalichero kakang'ono. Nkhaŵa ikadzaza kalicheroko ndi maganizo akuti "andikwapula" kapena "andiseka", malo oikamo manambala sakhalapo.

Tisaganize kuti mantha onse ndi oipa. Kugunda mtima pang'ono kumachititsa mwana kukhala tcheru. Chimene tikulimbana nacho ndi mantha opyola muyezo, amene amaiŵalitsa mwana zimene akuzidziŵa.

Chifukwa chiyani buku loseketsa?

Poyamba, mwana wamng'ono sanena kuti "ndikuopa". Amati m'mimba mukupweteka, kapena amangojomba. Koma mukamuonetsa chithunzi cha Fisi akunjenjemera, adzakuuzani zonse zimene Fisi akuopa, ndipo zimenezo ndizo zake zomwe. Mu 2011 Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock anapeza kuti ophunzira a nkhaŵa amene analemba za mantha ao kwa mphindi khumi mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzao a nkhaŵa amene sanatero. Iwo anayesa ophunzira akuluakulu. Ana athu aang'ono sangathe kulemba chomwecho, tsono ife tiona kuti kukambirana za chithunzi ndiyo njira yao yotulutsira nkhaŵa.

Chachiŵiri, chinthu chimene munthu wachiseka chimachepa mphamvu. Makolo athu anali kudziŵa ichi. M'nthano za madzulo, fisi amene amaopsa mudzi wonse usiku amasanduka chitsiru chadyera chopusitsidwa ndi Kalulu, ndipo ana amakagona akuseka.

Chachitatu, kalasi likasekera pamodzi, mwana aliyense amazindikira kuti sali yekha. Ambiri amaganiza kuti anzao onse ndi olimba mtima.

Ku Amereka kuli buku lotere lotchedwa Testing Miss Malarkey, lolembedwa ndi Judy Finchler, zithunzi zake za Kevin O'Malley, limene linatuluka mu 2000. Choseketsa m'bukumo nchakuti amene asokonezeka mutu ndi mayeso si ana ai, koma aphunzitsi ndi makolo. Phunziro lake litikhudza ifenso, ngakhale kuti nkhani yake ndi ya moyo wa kutali ndi wa ana athu.

Bukulo tilipeza kuti?

Mphunzitsi angathe kufunsa ku National Library Service mu mzinda wa Lilongwe. Amene ali ndi intaneti pa foni angapeze nkhani za ana za ulere, zina m'chinenero chathu, pa African Storybook, ntchito imene bungwe la Saide la ku South Africa linayambitsa. Komabe buku lopambana onse ndi lodzipangira. Likuni ndi malo amene akhala akusindikiza mabuku a Chicheŵa kuyambira 1949 pamene Likuni Press inayamba ntchito. Nkosayenera kuti mphunzitsi wa kuno azidikira buku lochokera kutsidya kwa nyanja.

Pali chifukwa chinanso. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi aang'ono ndi odzaza. Kabuku ka m'manja mwana wa kumbuyo sakaona. Tengani makatoni a ku golosale, muwadule mofanana, mumatepo mapepala oyera, mujambule ndi makala kapena makrayoni, ndipo musoke ndi chingwe. Tsamba lirilonse likhale ndi chithunzi chimodzi chachikulu ndi chiganizo chimodzi chachifupi.

Nachi chitsanzo cha masamba asanu ndi limodzi chimene tinakonza ndi ophunzira athu. Aphunzitsi a Njovu alengeza kuti maŵa ndi mayeso. Fisi asongola pensulo yake usiku wonse mpaka itsala ngati mbeu ya chimanga. Chifukwa cha mantha atafuna rabala, kuyesa nyama. M'maŵa abisala mu mtondo, mchira uli panja, ndipo Kalulu amkoka kupita naye ku sukulu. Fisi atsegula pepala diso limodzi ali chitsinzire, napeza funso lakuti, "Kodi mbuzi iri ndi miyendo ingati?" Ndani m'nkhalango monse angapose Fisi pa nkhani ya mbuzi? Fisi aseka, ndipo mpaka lero akusekabe usiku.

Taonani kuti nkhaniyi sinena kuti mayeso kulibe, kapena kuti Fisi wakhoza mwa mwai. Iye wapeza kuti funso likufunsa chinthu chimene akuchidziŵa kale. Umenewu ndiwo mutu wa phunziro lonse.

Kaphunzitsidwe kake

1. Ŵerengani bukulo sabata imodzi mayeso asanafike, osati m'maŵa wa tsiku lomwelo.

2. Onetsani chikuto, ana anene zimene akuganiza kuti zichitika.

3. Ŵerengani mosintha mau, mwa a Njovu ndi mwa Fisi. Ana akayamba kuseka, alekeni aseke. Musathamangire kumenya tebulo.

4. Funsani za Fisi, osati za mwana: "Kodi Fisi akumva bwanji m'mimba? Akuganiza kuti a Njovu amchita chiyani?" Lembani mayankho pa bolodi.

5. Inunso ululani kuti munaopapo mayeso muli mwana. Mau amenewa ochokera kwa mphunzitsi amalimbitsa ana koposa malangizo ambiri.

6. Ana ampatse Fisi malangizo: agone msanga, adye kanthu m'maŵa, apume mozama katatu, ayambe ndi funso losavuta. Malangizo amene mwana wapereka yekha sawaiŵala.

7. Tsirizani ndi kamayeso koyeserera ka mafunso atatu osavuta, ana atakhala monga adzakhalire pa tsikulo, kuti azoloŵere.

Pa tsiku la mayeso nkokwanira kupachika chithunzi cha Fisi ali mu mtondo, ndi kuuza kalasi kuti lipume katatu.

Zoyenera kupewa

Chenjezo lalikulu ndi ili: tiseke Fisi, tisaseke mwana. Mphunzitsi wina woyeserera, ataŵerenga nkhaniyi bwino lomwe, analoza mnyamata wamanyazi nati, "Nayu Fisi wathu." Kalasi linafa nalo phwete, dzinalo linamkakamira, ndipo mnyamatayo anajomba masiku aŵiri. Nthabwala ikaloza mwana imaonjezera mantha amene tifuna kuchotsa. Pa chifukwa chomwecho, musapatse wamantha wa m'buku dzina la munthu, pakuti m'kalasi la ana ochuluka mwini dzina sasoŵa.

Chenjezo lachiŵiri: buku sililoŵa m'malo mwa kuphunzitsa. Mwana amene sanaphunzitsidwe kuchotsera ali ndi chifukwa chomveka choopera masamu, ndipo mankhwala ake ndi kumphunzitsa. Chimodzimodzi mwana wobwera osadya kanthu. Iye afunika phala, osati nthabwala. Ndiponso ngati mwana akulirabe kapena kudwala nthaŵi iriyonse ya mayeso, itanani makolo mukambirane, pakuti mwina gwero lake liri ku nyumba.

Chenjezo lachitatu likhudza ife eni. Nkosathandiza kuŵerenga za Fisi Lolemba ndi kuloŵa m'kalasi Lachinai mkwapulo uli m'manja. Ana amakhulupirira nkhope ya mphunzitsi koposa mau a m'buku.

Mau Otsiriza

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene wazoloŵera mu Sitandade 2 kuti mayeso amafunsa zimene iye anaphunzira adzafika mu Sitandade 8 wodekha. Mtsikana tinamtchula poyamba uja, mphunzitsi wake anamuitananso sabata yotsatira, atakhala naye pansi pa mtengo popanda kutchula za mayeso, ndipo anaŵerenga ndime yonse. Tipempha ophunzira athu onse amene akupita kukayeserera teremu ikudzayi kuti aliyense akonze buku limodzi lotere, akaliyese, ndipo akalembe zimene ana ananena za Fisi kuti tidzakambirane pobwerera ku koleji.