Mtengo wa kwinini watsala pang'ono kutha kwao ku Loja

Pakati pa ife akuluakulu palibe amene sadziwa kuwawa kwa kwinini. Amene anagonapo m'cipatala ndi malungo aakulu akukumbukira botolo lija lolenjekeka pambali pa bedi, ndi makutu kulira ngati mwalowa nyenje. Koma titafunsa pa mphakati kuti mankhwala amenewa anacokera kuti, ambiri angayankhe kuti anabwera ndi Azungu. Inde anabwera nao, koma sanali ao. Kwinini amacokera m'khungwa la mtengo, ndipo mtengowo kwao ndi ku mapiri a Andes ku South America. Makungwa amene anayamba kuchuka pa dziko lonse anali kusendedwa m'mapiri oyang'anana ndi mzinda wochedwa Loja, kumwera kwa dziko la Ecuador. Lero kumeneko mtengowu wasowa, kotero kuti anthu ophunzira amacita kukwera mapiri kukaufunafuna.

Loja ndi mzinda wa anthu pafupifupi 200,000, umene Aspanya anaukhazikitsa mu 1548. Uli m'cigwa pakati pa mapiri, pamwamba ndithu, mamita opitirira 2,000 kucokera pa nyanja yamcere. Kuti muyerekeze bwino, Lusaka ali pa mamita ngati 1,300 cabe. Ngakhale dzikolo lili m'cigawo cotentha ca dziko lapansi monga lathu lino, mumzindamo ndi mozizirira caka conse. Kum'mawa kwake kuli nkhalango za m'mapiri zimene zimakhala m'nkhungu ndi mvula yowaza pafupifupi tsiku lililonse. Kumadzulo ndi kumwera kuli zigwa zotentha, zouma, kumene amalima nzimbe, ndipo kale malungo anali kuvuta kumeneko.

Anthu a ku Loja amasimba kuti mfumu ina ya eni dziko ya ku Malacatos, dera limene lili kumwera kwa mzindawu, inaciritsa wansembe wa Cijezuiti ndi khungwa lowawa, ndipo kucokera apo nkhani inafala. Cimene mabuku a mbiri amatsimikiza ndi cakuti m'zaka za m'ma 1630 Ajezuiti a ku Lima anali kutumiza ufa wa khungwali ku Roma. Roma wa nthawi imeneyo anali mudzi wa malungo. Mu 1623, pamene makadinala anasonkhana kusankha Papa, angapo a iwo anafa ndi malungo. Kadinala Juan de Lugo, nayenso Mjezuiti, anayamba kugawira osauka ufawo, ndipo anthu anaucha ufa wa Ajezuiti. Ku maiko ena amene sanali kumvana ndi Roma, odwala ena anali kuukana cifukwa ca dzinalo. Malungo sanali kufunsa mpingo.

Ofufuza anayamba kufika ku Loja kalekale. Mu 1737 Mfalansa wina, Charles-Marie de La Condamine, amene anabwera ku cigawoco kudzapima ukulu wa dziko lapansi, anakwera phiri la Cajanuma pafupi ndi mzindawu, najambula masamba ndi maluwa a mtengowo. Mu 1742 Carl Linnaeus wa ku Sweden anaupatsa dzina lakuti Cinchona. Eni ace amaucha cascarilla, kutanthauza kakhungwa. La Condamine anayesanso kunyamula mbande kutsika nazo mtsinje wa Amazon, koma atayenda nazo miyezi yambiri, funde linazikokolola m'bwato. Mu 1820 akatswiri awiri a mankhwala ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anapatula m'khungwamo mankhwala eni eni, nawacha kwinini. Kuyambira pamenepo dokotala anali kutha kupima mlingo woyenera, m'malo mongopatsa wodwala ufa wosadziwika mphamvu yake.

Tsono apa ndi pamene nkhani imatikhudza ife alimi. Makungwa a ku Loja anali okwera mtengo, ndipo abwino koposa anali kusungidwira nyumba ya mankhwala ya mfumu ya ku Spain. Osenda makungwa anali kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa. Ena anali kugwetsa mtengo wonse kuti ausende bwino, ena kuusenda uli ciimire kuzungulira thunthu lonse. Inu amene munapangapo mng'oma wa njuci ndi khungwa la muombo mukudziwa cimene cimacitika: mtengo wosendedwa mozungulira suphukanso, umauma uli ciriri. Pali nkhani imene imanenedwa yakuti Ajezuiti anali kulangiza osenda kuti pa mtengo uliwonse wogwetsedwa abzale mbande zisanu mwa maonekedwe a mtanda. Malangizo ndi abwino, koma mapiri akuonetsa kuti odula anacuruka kuposa obzala. Pamene Alexander von Humboldt wa ku Germany anafika ku Loja mu 1802, analemba modandaula za kuonongeka kwa mitengoyi.

Phindu nalo linasamuka. Maiko a ku Ulaya anafuna mbeu kuti akadzilimire okha. Mu 1865 wamalonda wa Cingelezi, Charles Ledger, anatumiza ku London mbeu zimene anamtolera wanchito wake Manuel Incra Mamani wa ku Bolivia, munthu wodziwa kusiyanitsa mitundu ya mtengowu poyang'ana masamba ndi khungwa. Boma la Holland linagulako pang'ono, nakazibzala pa cisumbu ca Java. Mitengo imene inamera inali ndi kwinini woculuka kuposa wa ku Loja, ndipo pofika m'ma 1930 pafupifupi kwinini yense wa pa dziko anali kucokera ku Java. Mamani anamangidwa mu 1871 cifukwa cotola mbeu, anamenyedwa m'ndende, ndipo anamwalira atangoturuka. Dzina la mtundu wa mtengowo linapatsidwa kwa Ledger. Masiku ano minda yaikulu ya mtengowu ili kwa anansi athu ku Congo, ca ku Bukavu, kumene kulinso fakitale ya kwinini.

Kuno kwathu mankhwalawa anafika m'mabokosi a apaulendo ndi amishoni. David Livingstone anali kuyenda ndi mapiritsi ake osakaniza ndi kwinini, ngakhale kuti mkazi wake Mary anafa ndi malungo mu 1862 ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. Pambuyo pake kunabwera kolokwini wopangidwa m'fakitale, amene tinamwa mpaka tizirombo ta malungo tinamzolowera. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 Zambia inasankha Coartem, nikhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kutero. Nayenso Coartem gwero lake ndi comera: mankhwala ake aakulu anapezeka ku China mu 1972 m'citsamba cochedwa Artemisia annua, ndipo mai amene anatsogolera nchitoyo, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kawiri konse anthu anapulumukira ku thengo.

Nanga ku Loja kwatsala ciani? Mu 1982 boma la Ecuador linapatula mapiri a kum'mawa ndi kumwera kwa mzindawu kukhala malo otetezedwa ochedwa Podocarpus, aakulu mahekitala oposa 146,000. Phiri la Cajanuma lija tsopano ndi limodzi la zipata zake. M'menemo awerengamo mitundu ya mbalame yopitirira 500. Mu 1997, kumwera kwa malowa, katswiri wa mbalame Robert Ridgely anamva kulira kwacilendo, napeza mbalame yoyenda pansi imene sinali m'buku lililonse la sayansi. Alimi a kumeneko anali kuidziwa kale ndipo anali kuicha jocotoco motsanzira kulira kwake. Dzina limenelo ndi limene linakhala.

M'zaka zomwezo, pa mseu wocokera ku Loja kupita ku Zamora, anamanga nyumba ya kafukufuku yochedwa San Francisco, kumene ophunzira a ku Germany agwira nchito zaka zambiri pamodzi ndi a mayunivesite a ku Loja. Imodzi mwa mayunivesite amenewa, UTPL, inayambitsidwa ndi Abulazala a Marist mu 1971. Nchito yao ndi yofuna kufatsa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amapima mvula, amakumba dothi, amalemba manambala pa mitengo ndi kubwerako caka ndi caka kudzapima kukula kwake. Usiku amayatsa nyale kukopa agulugufe a usiku, ndipo pa banja limodzi lokha la tizirombo timeneti anapeza mitundu yoposa 1,000 m'dera laling'ono.

Wina angafunse kuti kuwerenga agulugufe kumadyetsa yani. Funsoli ndi labwino, koma tamvani cimene anapeza kutsidya lina la mtsinje, kumene nkhalango inadulidwa. Alimi a kumeneko amagwetsa mitengo, kuocha, ndi kubzala udzu wa ng'ombe. Udzu umene amakonda ndi Setaria, umene kwao ndi kuno ku Africa. Zaka zoyamba msipu umakhala wabwino. Kenaka mumamera comera ca masamba onga nthenga cimene iwo amacicha llashipa, cimene ng'ombe sizipindula naco, ndipo zikadya cambiri zimadwala. Mlimi akaciona amaochanso kuti aciphe. Ofufuza anaonetsa kuti moto umapsereza masamba okha, koma mizu yake yoyenda pansi pa nthaka siipsa, ndipo imaphuka msanga kuposa udzu. Moto uliwonse umapatsa comeraco malo, mpaka mlimi amausiya msipuwo n'kukagwetsa nkhalango ina. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti pofika mu 2008 pafupifupi theka la nkhalango za kumwera kwa Ecuador linali litasanduka minda, misipu ndi zina. Ife amene timaocha thengo mu Ogasiti ndi Seputembala cifukwa ca mbewa sitingawaseke anthu amenewa.

Nkhalango za m'nkhungu zija ndi zimenenso zimamwetsa mzinda. Masamba ndi ndere za pa mitengo zimagwira madzi, ndipo nthaka imawamasula pang'onopang'ono m'timitsinje. Pamene ng'ombe zaloledwa kumtunda kwa kasupe, madzi amatsika ndi matope ndi ndowe, ndipo ana ndi amene amayamba kutsegula m'mimba. Pa cifukwa ici akuluakulu a mzinda wa Loja anaika kandalama kapadera pa bilu ya madzi, kogulira ndi kutetezera malo a kumtunda kumene madzi amayambira. Mu 2009 anagwirizana ndi maboma ena aang'ono a cigawoco kupanga thumba limodzi la nchitoyi lochedwa FORAGUA. Kumeneko kusunga mtengo ndi nkhani ya za umoyo, monga katemera.

Pali nkhani inanso ya kafukufuku wa za umoyo kumeneko imene ife osunga mabuku a ubatizo timaimva mwa njira yathu. Makilomita ngati 40 kumwera kwa Loja kuli mudzi wa Vilcabamba. Mu 1973 dokotala wa ku Harvard, Alexander Leaf, analemba m'magazini ya National Geographic za nkhalamba za kumeneko zimene zinali kunena kuti zapyola zaka 100, zina mpaka 120. Mbiri inamveka dziko lonse. Ena anati cinsinsi ndi madzi, ena mpweya, ena zitsamba. Alendo anayamba kubwera, ndipo malonda anayenda. Koma Leaf mwini wake atabwerera patapita zaka zocepa, anapeza mkulu wina wawonjezera zaka zoposa khumi pa msinkhu wake. Ofufuza awiri, Richard Mazess ndi Sylvia Forman, anakhala pansi ndi mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro, kutsata banja ndi banja. Mu 1979 anafalitsa zimene anapeza: panalibe ndi mmodzi yemwe wa zaka 100. Wamkulu koposa anali ndi zaka 96. Cimene cinasokoneza oyamba aja ndi maina. Mwana anali kupatsidwa dzina la atate kapena amalume ake, ndipo wofufuza wothamanga anali kutenga tsamba la ubatizo la womwalira kale n'kuliyesa la wamoyo. Amene anayang'ana maina a makolo ndi a aimiriri a ubatizo ndi amene anapeza coona. Tikamaumirira pa ubatizo kuti mutipatse maina onse a makolo ndi tsiku leni leni lobadwa, musamati akatekisti avuta.

Mphekesera yotere inagweranso mtengo wa kwinini mu 2020. Pa nthawi ya Covid-19 kunamveka kuti kolokwini amaciritsa matendawa, ndipo anthu ena ku Ecuador ndi ku Peru anathamangira makungwa a cascarilla, poganiza kuti ndi cimodzimodzi. Kolokwini sacokera m'khungwa, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku Britain m'caka comweco anaonetsa kuti mankhwala a mtundu umenewo sathandiza odwala Covid-19. Koma mitengo inali itasendedwa kale. Tinaona zofanana kuno ndi mukula, umene unadulidwa mothamanga cifukwa ca mtengo wake wa ndalama, mpaka mu 2019 maiko anauika pa mndandanda wa mitengo yoyenera cilolezo capadera pogulitsa kunja.

Mtengo wa cascarilla uli pa cizindikiro ca dziko la Peru, ndipo a Ecuador amauyesa mtengo wa fuko lao, koma ana ambiri a ku Loja sanauonepo ndi maso. Ofufuza a ku UTPL amene anapima mitengo yotsalayo anaipeza ili m'timagulu tating'ono totalikirana, ina m'mphepete mwa misipu, ina pa malo otsetsereka pamene nkhwangwa ndi moto zinalephera kufika. Vuto la timagulu totere alimi a mbuzi amalidziwa: khola likakhala lopanda tonde wacilendo, ana amabadwa ofooka. Mbeu zake ndi zazing'ono, zopepuka ngati mungu, zouluka ndi mphepo, ndipo zikakhalitsa sizimera. Cifukwa cake mayunivesite a ku Loja amazimeretsa m'mabotolo m'nyumba zopimira, kenaka m'nazale, asanazibwezere ku phiri. Mbande ikabzalidwa imafuna mthunzi wa mitengo inzake, ndipo pamapita zaka zingapo isanacite maluwa.