Kamwana ka Grade 10 kathamanga 1:42, makochi a makoleji asala na mafoni m'manja

Pa 3 August 2025, mumzinda wa Eugene ku Oregon, akatswili a liwilo la mamita 800 a ku America anaima pa laini kulimbilana malo atatu cabe opitila ku World Championships. Pakati pa madoda amenewa panali kamnyamata ka zaka 16, Cooper Lutkenhaus, kamene kanali katangotsiliza Grade 10 pa Northwest High School ku Justin, m'cigawo ca Texas. Kutatsala mamita 200 kanali pa namba 7, ndipo anthu anali ataciyika kale m'gulu la obwela kudzaphunzila. Pokhota komaliza kanatulukila kunja n'kuyamba kupitilila akulu-akulu mmodzi-mmodzi monga aimilila pa stesheni kuyembekeza basi. Kanamupitilila Josh Hoey, amene anawina golide pa World Indoor caka comweco. Kanamupitililanso Bryce Hoppel, mwini wa rekodi ya America. Donavan Brazier yekha ndiye anapulumuka, na 1:42.16. Mwanayo anafika waciŵili na 1:42.27.

Kwa imwe amene mumaona mpila cabe, tiyeni tiiphwanye namba iyi. Mamita 800 ni kuzungulila bwalo kaŵili. 1:42.27 itanthauza kuti mamita 100 alionse anali kuwadya m'masekondi ocepela pang'ono pa 13, n'kucita zimenezo maulendo 8 osapumula. Yesani kamodzi cabe pa Heroes Stadium, mudzatiuza. Rekodi ya dziko lonse ni 1:40.91, ya David Rudisha wa ku Kenya, imene anaika ku London mu 2012. Mwana wa sukulu uyu anatsala na sekondi imodzi na theka, osakwana n'komwe, kuti aifike. Palibe wa zaka zosakwana 18 amene anathamangapo mwamsanga conco m'mbili yonse ya maseŵela.

Manje nkhani imene inali pakamwa pa aliyense ku America siinali ya mendulo iyayi. Funso linali lakuti: kodi adzapita ku koleji iti?

Kumeneko maseŵela a m'makoleji ni bizinesi yaikulu, ndipo amayendetsedwa na bungwe la NCAA. Mwana waluso safunika kulemba makalata opempha malo, makoleji ndiwo amamufunsila monga mkwatibwi. Koma cikwati cake cili na malamulo. M'makoleji akulu a Division I, kochi wa zothamanga saloledwa kutumila mwana foni kapena meseji yomukopa mpaka pa 15 June, mwanayo akatsiliza caka caciŵili ca high school, cimene kuno tingati Grade 10. Kuyambila pa 1 August, koleji ingamuitane kukaona malo, iyo n'kulipila ulendo, cakudya na pogona. Amamuonetsa ma gym, ma hostel, madokota a timu, vonse vokoma.

Onani mmene masiku anagwilizilana. Citseko ca makochi cinatseguka pa 15 June 2025, mwezi umodzimodzi umene Cooper anaphwanya rekodi ya ma high school ya Michael Granville, 1:46.45, imene inakhala cikhalile kucokela mu 1996. Anaitsitsa kufika pa 1:45.45. Pa nthawi imeneyo anali mwana amene koleji iliyonse inali kumulota. Patapita milungu yocepa, ku Eugene kuja, anadulanso masekondi opitilila atatu. Apa ndiye zinthu zinasokonekela, cifukwa nthawi yake inapambana rekodi ya makoleji onse. Muganizile kochi amene afuna kuuza mwana kuti “bwela kwathu tikunole”, pamene mwanayo athamanga kale kupambana aliyense amene anavalapo yunifomu ya koleji pa mpikisano wa NCAA.

August asanathe, Cooper anasaina kontrakiti na Nike n'kukhala wothamanga wolipidwa. Sukulu sanaleke. Anabwelela m'kilasi pa Northwest kukayamba Grade 11, na kochi wake yemweyo. Cimene anataya ni ufulu wothamangila koleji. Angapite ku yunivesiti kukaphunzila monga wina aliyense, koma jezi ya timu ya sukulu sadzaivala.

Ena adzati, nanga vuto ili kuti, si ndalama zabwela? Vuto ni yakuti koleji ku America si malo ophunzilila cabe. Kwa wothamanga, ni zaka zinayi za nyumba, cakudya, dokota, physio, anzako ophunzila nawo kuthamanga, na mipikisano pafupi-fupi wiki iliyonse m'nyengo yake. Ukathyoka phazi, ukali mwana wa sukulu ndipo digili ikali kukuyembekeza. Ukaluza, pali timu yonse yogaŵana nayo manyazi. Wolipidwa alibe pobisala. Kampani imalipila miyendo, ndipo miyendo ya mwana wa zaka 16 ikali kukula.

Brazier, amene anamupambana ku Eugene, aidziŵa bwino nkhani ya miyendo. Iye anapita ku Texas A&M, anakhalako caka cimodzi, ndipo mu 2016 anawina mpikisano wa NCAA na 1:43.55, kuphwanya rekodi ya Jim Ryun imene inakhala zaka 50. Atacoka kumeneko anasaina na Nike, ndipo mu 2019 ku Doha anakhala ngwazi ya dziko lonse na 1:42.34. Pambuyo pake phazi linamuukila. Anapita ku maopaleshoni, anasoŵa kwa zaka, anthu mpaka anamuiŵala. Mpikisano wa ku Eugene unali kubwelela kwake. So pa laini yomaliza paja panakumana anthu aŵili: wina amene thupi linamulanda zaka zabwino koposa, na wina amene sanalaŵeko zimenezo.

Athing Mu nayenso anadzela njila ya caka cimodzi. Mtsikana wa ku Trenton, New Jersey, wa makolo ocokela ku South Sudan, anathamangila Texas A&M, anasaina na Nike mu 2021, ndipo milungu yocepa pambuyo pake anatenga golide wa mamita 800 pa Olympics ku Tokyo ali na zaka 19. Alan Webb, amene mu 2001 anathamanga mailo imodzi mu 3:53.43 ali ku high school, anayesako caka cimodzi ku Michigan asanacoke. Hobbs Kessler anali atalonjeza kale Northern Arizona University, koma atathamanga 3:34.36 pa mamita 1500 mu 2021 anasaina na Adidas asanathamangile koleji olo kamodzi, ndipo mu 2024 anafika mu fainolo ya Olympics ku Paris.

Koma dzina limene makolo ambili amakumbukila nkhani iyi ikabuka ni la Mary Cain. Mu 2013, ali na zaka 17, anakhala mtsikana woyamba wa high school ku America kuthamanga mamita 800 pansi pa mphindi ziŵili, na 1:59.51. Makoleji anali kumufuna maningi. Iye anasankha kukhala wolipidwa, analoŵa gulu la Nike Oregon Project pansi pa kochi Alberto Salazar, ndipo mu 2014 anawina golide wa mamita 3000 pa mpikisano wa acinyamata wa dziko lonse. Kucoka apo liwilo linayamba kutsika, ndipo anthu sanadziŵe cifukwa. Mu November 2019 anafotokozela nyuzipepala ya New York Times kuti anali kukakamizidwa kuonda mosalekeza, kuti analeka kupita kumwezi kwa zaka zitatu, anathyoka mafupa asanu, ndipo anafika poganiza zodzipha. Salazar anakana zambili mwa zimenezi, koma mu 2021 analetsedwa ukochi kwa moyo wake wonse na bungwe loteteza ocita maseŵela ku America. Mtsikanayo anali mwana pakati pa akulu-akulu, kutali na kwao, popanda munthu wa msinkhu wake womuuza kuti mwana iwe, ici sicili bwino.

Apa m'pamene banja la Cooper lacita mwanzelu, mmene ine nionela. Sanamunyamule kumupeleka ku kampu ya akatswili kutali. Agona panyumba, aphunzila na anzake amene anakula nawo, ndipo amene amupatsa pulogilamu ni kochi amene amudziŵa kuyambila asanachuke. Ndalama yabwela kumupeza pamene ali. Ngati pali njila yocepetsako ngozi pa cosankha ca mtundu uwu, ni imeneyi.

Ngakhale n'conco, dziko la akulu silicedwa kukupatsa moni. Mu September 2025 ku Tokyo, Cooper anakhala munthu wamng'ono koposa amene anaimilapo America pa World Championships, koma anagwela mu raundi yoyamba. Nyengo yake inali itayamba kale-kale na mipikisano ya masukulu, pamene anzake anakonzekela caka conse kuti afike pacimake mwezi umenewo. Golide anatenga ni Emmanuel Wanyonyi wa ku Kenya. Mwana wa koleji akagwa conco, Monday amabwelela m'kilasi nkhani n'kutha. Uyu anagwa dziko lonse likuyang'ana, na cizindikilo ca kampani pacifuwa.

Tisanamizane, Cooper ni mmodzi pa mamiliyoni. Kwa ana ena onse othamanga bwino, amene 1:50 ni maloto ao, mphoto yeniyeni ikali bursary ya koleji. Ndipo caka comweco ca 2025 malamulo a bursary anasintha kwambili. Kwa zaka zambili, timu ya amuna ya zothamanga mu Division I inali kuloledwa ma bursary okwana 12.6 cabe, ya akazi 18. Inde, 12.6, cifukwa makochi anali kuidula-dula monga buledi: uyu theka, uyu kota, uyu ndalama ya mabuku cabe. Ena ambili anali kuloŵa m'timu popanda ngwee, n'kudzilipilila okha. Mu June 2025 khoti inavomeleza cigwilizano pa mlandu wochedwa House v. NCAA. Manje makoleji aloledwa kulipila ocita maseŵela mwacindunji, mpaka pafupi-fupi madola 20.5 miliyoni pa sukulu m'caka coyamba, ndipo malile a ma bursary anacotsedwa. M'malo mwake anaika malile a anthu: 45 m'timu ya zothamanga, 17 mu cross country.

Pa pepala cioneka cokoma. Koma ndalama zambili zipita ku mpila wao wa ku America uja wovala zisote, na basketball, cifukwa ndiwo abweletsa ndalama za TV. Othamanga alandila nyenyeswa. Matimu amene anali na ana 60 kapena kupitilila afunika kucepetsa pofika mtsogolo, ndipo oyamba kutsekeledwa citseko ni aja ocedwa kukhwima, amene pa zaka 18 saoneka kanthu koma pa 21 akanadabwitsa anthu. Washington State University inafika pocotsa maseŵela olumpha na oponya m'timu yake mu June 2025 kuti itsale na othamanga mitunda itali. Conco pamene makochi anali kulimbilana mwana mmodzi amene pothela pake sanamupeze, malo a ana wamba anali kucepa mwakacetecete.

Izi zitikhudza na ise kuno, cifukwa njila ya koleji ya ku America inanyamulapo ana a pa Zed. Ba Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, anadzela ku Blinn College ku Texas na ku Auburn University, ndipo mu 1991 anatenga golide wa dziko lonse pa 400 hurdles ku Tokyo komweko, n'kuwonjezela siliva ya Olympics ku Atlanta mu 1996. Pa mamita 800 peni-peni tili na ba Prince Mumba, amene anathamangila Oral Roberts University ku Oklahoma, anaimila Zambia pa Olympics ya 2004 na ya 2012, ndipo ku London ndiwo ananyamula mbendela yathu. Muzala Samukonga watisonyeza kuti munthu angatenge mendulo ya Olympics akuphunzila kuthamanga kuno kwathu, monga anacitila ku Paris mu 2024. Koma kwa mwana wa ku Matero kapena ku Chipata amene miyendo yake ingamugulile digili, citseko ca koleji cikali cofunika maningi.

Ndipo citseko cimeneco cili na makiyi ake amene ambili sawadziŵa. NCAA imafuna kuona ma results a ku sekondale kupitila ku ofesi yake ya Eligibility Center, so Grade 12 yoipa ingakutsekele olo uthamange monga mphepo. Kochi wa ku Texas sakhulupilila nthawi ya pa stopwatch ya ba teacher, afuna nthawi ya makina pa mpikisano wodziŵika. Pa malamulo a mu 2025, ukatsiliza sukulu, mu Division I unali na caka cimodzi cabe copumula. Ukapitiliza kupikisana kupyola apo usanaloŵe koleji, anali kuyamba kukudulila zaka zothamanga. Ndalama za mphoto nazo zinali zoopsa: ukalandila zopitilila zimene unawononga pa ulendo na pogona, unali kuonedwa monga wolipidwa. Cinanso, kucokela mu 2021 ana a m'makoleji aloledwa kupanga ndalama na dzina lao potsatsa malonda, koma mwana wocokela kunja amene ali pa visa ya sukulu ya F-1 saloledwa kuseŵenza mwaufulu, cakuti mnzake wa ku America angadye za malonda iye akuyang'ana cabe.

Cooper zonsezi wazilumpha. Safunikanso kuŵelenga malo 45 kapena kudela nkhawa za mphoto. Afunika kutsiliza high school mu 2027, caka cimene World Championships idzacitikila ku Beijing. Caka cotsatila, mu July 2028, Olympics idzabwela kwao ku Los Angeles. Panthawiyo adzakhala na zaka 19, msinkhu umene anzake a m'kilasi adzakhala atangotsiliza caka coyamba ku koleji.