Mphoto Yokumbukira Dokotala wa pa Mpope

Caka ndi caka bungwe la za umoyo la ku America, la American Public Health Association, limapereka mphoto yochedwa John Snow Award kwa akatswiri ofufuza magwero a matenda pakati pa anthu.

John Snow anali dokotala wa ku London. M'caka ca 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho mumzindawo. Ambiri anali kukhulupirira kuti nthendayi imadza ndi mpweya wonunkha, koma iye anayenda khomo ndi khomo, nalemba pa mapu nyumba zonse zimene munagwa maliro. Anaona kuti nyumbazo zazinga mpope umodzi wa mu Broad Street. Akuluakulu anacotsa cogwirira ca mpopewo, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti citsime cake cinakumbidwa pafupi ndi dzenje la zonyansa.

Nkhaniyi singadabwitse munthu wa ku Mtendere kapena ku Kanyama mu Lusaka. M'makomboni ambiri citsime cosazama ndi cimbudzi zimapenyana, monganso m'midzi ina, ndipo dzinja likafika madzi amasakanizika pansi. Mliri wa 2017 ndi 2018 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha. Ofufuza atapima madzi napeza kuti ndi oipa, Boma linayamba kukwirira zitsime zosazama. Kumeneko ndiko kunali kucotsa cogwirira kwa kuno kwathu.

Ku Mtendere nchito yoika mipope ya madzi abwino ndi yocotsa zonyansa inayambika ndi thandizo la America, pa pangano la zaka za 2013 mpaka 2018.