Luso lokha silikwanira: m'mene Zimbabwe idasankhira timu yake mu 1995

Anthu a kuno kwathu amene amakhala m'mphepete mwa msewu waukulu, kuyambira ku Bagamoyo m'tauni ya Moatize mpaka pachipata cha Zóbuè, amawadziwa bwino malole ochokera ku Harare amene amadutsa usana ndi usiku kupita ku Blantyre. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti dziko lomwe malolewa amachokera ndi limodzi mwa maiko awiri okha muno mu Africa amene amasewera nawo mpikisano waukulu wa kiriketi wotchedwa Test. Dziko linalo ndi South Africa. Pa dziko lonse lapansi maiko otere alipo 12 basi.

Sabata ino tati tikusimbireni m'mene anzathu a ku Zimbabwe adasankhira timu yawo kumayambiriro kwa chaka cha 1995, pokonzekera kulandira timu yoopsa ya Pakistan. Mwina wina afunsa kuti kodi ife alimi, oumba njerwa ndi ogulitsa pamsika, masewero achilendowa akutikhudza bwanji? Yankho lake lili pa mnyamata wina amene adabadwira kutsidya kwa malire, monga adabadwira ana athu ambiri m'nthawi ya nkhondo, ndipo nkhani ya zitupa idam'manitsa mwayi wake woyamba.

Kodi kiriketi amasewera bwanji?

Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 monga mu mpira wa miyendo, koma zina zonse n'zosiyana. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kosalala kotalika mamita 20, ndipo kumapeto kwake konse kuwiri amazikako timitengo titatu. Timu imodzi imaponya kampira kofiira, kolimba ngati mwala, n'cholinga chogwetsa timitengoto. Timu inayo imatumiza anthu awiriawiri okhala ndi thabwa m'manja kuti ateteze timitengo ndi kumenya mpirawo kutali. Akaumenya amathamanga kusinthana malo, ndipo kusinthana kamodzi ndiyo rani imodzi. Womenya amatuluka timitengo tikagwa, kapena wina akawakha mpira umene wamenya usanagwe pansi. Akatuluka anthu khumi, matimu amasinthana ntchito.

Mu Test timu iliyonse imakhala ndi mpata womenya kawiri, ndipo masewero amodzi amatha kutenga masiku asanu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. N'chifukwa chake kusankha timu ndi ntchito yolemetsa. Osankha amafuna omenya asanu kapena asanu ndi mmodzi odziwa kupirira padzuwa, mmodzi wowakha mpira kumbuyo kwa timitengo, ndi oponya anayi kapena asanu, ena a liwiro ndi ena opotokola mpira ndi zala. Amayang'ananso nthaka ya bwalo monga mlimi amayang'anira munda asanasankhe mbeu, pakuti kanjira ka udzu wauwisi kamakomera oponya a liwiro, pamene kouma ndi kong'aluka kamakomera opotokola. Akalakwitsa posankha, timu imavutika masiku onse asanu, chifukwa malamulo a nthawi imeneyo sankalola kuti wina wolowa m'malo mwa mnzake aponye kapena kumenya.

Palibe amene ankaipatsa mwayi

Zimbabwe idasewera Test yake yoyamba pa 18 Okutobala 1992 ku Harare polimbana ndi India, patangopita masabata awiri chisainireni pangano la mtendere wa dziko lathu ku Roma. Pamene ife tinkayamba kuganiza zobwerera kumidzi yathu, iwo ankayamba ulendo wovuta pakati pa akatswiri. Pofika mu Januwale 1995 adali atasewera ma Test khumi osapambana ngakhale amodzi. Mu Disembala 1993 adapita ku Pakistan n'kugonja kawiri pa masewero atatu, ndipo ku Karachi woponya mmodzi yekha, Waqar Younis, adatulutsa omenya 13.

Tsono Pakistan yomweyo ndiyo inkabwera ku Harare, motsogozedwa ndi Salim Malik, ili ndi akatswiri monga Wasim Akram, Saeed Anwar ndi Inzamam-ul-Haq. Kumbali ya omenya, Zimbabwe idali ndi anthu odalirika: kaputeni Andy Flower, mng'ono wake Grant Flower, ndi mkulu wodziwa zambiri Dave Houghton. Vuto lidali pa oponya. Heath Streak, wa zaka 20 zokha, ankaonetsa luso, koma ankafunika mnzake wa liwiro woti azim'thandiza.

Maso a osankha adagwera pa Henry Olonga, mnyamata wa zaka 18. Iyeyu adabadwira ku Lusaka m'dziko la Zambia mu 1976. Bambo ake ndi a ku Kenya, mayi ake a ku Zimbabwe, ndipo adaphunzira sukulu ku Plumtree, tauni ya pamalire a Zimbabwe ndi Botswana. Kusukuluko ndiko adaonekera kuti amaponya mpira mwaliwiro lodabwitsa.

Chitupa chitseka njira

Mwayi woyamba wa Olonga udabwera mu Okutobala 1994, pamene timu ya Sri Lanka idafika ku Zimbabwe oponya ena akuluakulu atavulala. Malo adalipo, luso lidalipo, koma zitafufuzidwa zidapezeka kuti mnyamatayo adali akadali nzika ya Kenya. Choncho sakadatha kuimira dziko limene adakuliramo ndi kuphunziramo. Masewero atatu onse adadutsa iye ali panja.

Nkhani ya unzika itakonzedwa, osankha adamuika m'timu yokumana ndi Pakistan. Ichi chidali chinthu chachikulu, chifukwa kufikira tsiku limenelo palibe munthu wakuda amene adaseweranapo Test m'timu ya Zimbabwe, ngakhale kuti dzikolo lidali litakhala pa ufulu zaka pafupifupi 15. Masewerawa adali a m'sukulu za anthu olemera zokhala ndi mabwalo ndi zipangizo, ndipo ana a m'makomboni ndi akumidzi ankangowaonera patali. Kusankha mnyamata wongotuluka kumene kusukulu kuti akakumane ndi omenya odziwika dziko lonse kudali kulimba mtima.

Masewero adayamba pa 31 Januwale 1995 pabwalo la Harare Sports Club, ndipo adayamba ndi kankhani koseketsa. Poponya ndalama m'mwamba kuti aone oyamba, Salim Malik adatchula mbalame imene ili pa ndalama ya ku Zimbabwe m'malo motchula mawu ozolowereka, ndipo woyang'anira masewero adalamula kuti aponyenso. Kachiwiriko mwayi udagwera Andy Flower, amene adasankha kuti timu yake iyambe kumenya.

Poyamba zidaoneka ngati zakale zomwe zija, pakuti omenya atatu adatuluka timu ili ndi marani 42 okha. Apo m'pamene pachibale paja, Grant ndi Andy, adakumana pakati pa bwalo n'kuwonjezera marani 269 ali awiri. Andy adapeza 156, Grant adapeza 201 osatulutsidwa, ndipo Guy Whittall adapeza 113. Zimbabwe idaimira pa marani 544. Pakistan idamenya kawiri konse n'kupeza 322 ndi 158, kutsalira ndi marani 64 Zimbabwe isanamenye n'komwe kachiwiri. Heath Streak adatulutsa anthu 9. Pa 4 Febuluwale dzikolo lidakondwerera kupambana kwake koyamba.

Nanga mnyamata uja? M'mipira yake yoyambirira yeniyeni adatulutsa katswiri Saeed Anwar. Koma chimwemwe sichidakhalitse. Lamulo la kiriketi limati woponya asapinde mkono pachigongono n'kuuongola monga timachitira pogenda mbalame m'munda. Mkono uzizungulira uli chiongokere. Woimbira masewero adaona kuti Olonga akuphwanya lamuloli ndipo adam'dzudzula pamaso pa anthu onse. Kenaka adavulala osaponyanso. Pakistan nayo idadzuka n'kupambana masewero awiri otsalawo, ku Bulawayo ndi ku Harare.

Akuluakulu a masewerawa sadam'taye mnyamatayo. Adapita ku India kukaphunzitsidwa kaponyedwe koyenera, ndipo pa nthawi yonse imene adasewerera dziko lake adasewera ma Test 30 n'kutulutsa anthu 68. Mu 1998 adathandiza kugonjetsa India ku Harare ndi Pakistan kwawo komwe ku Peshawar. Adasiya kusewerera dziko lake mu 2003, atavala kansalu kakuda pamkono pamodzi ndi Andy Flower posonyeza kudandaula ndi m'mene dziko linkayendetsedwera.

M'mera m'poyamba

Chitseko chimene Olonga adatsegula adalowapo ana a ku Highfield, komboni yakale ya mumzinda wa Harare. Kumeneko aphunzitsi a kiriketi ankayendera sukulu za pulaimale, ndipo ana oonetsa luso ankapatsidwa malo ku sukulu ya Churchill ndi ku kalabu ya Takashinga. Mmodzi mwa iwo, Hamilton Masakadza, adapeza marani 119 pa Test yake yoyamba polimbana ndi West Indies mu 2001, ali ndi zaka 17, akadali mwana wa sukulu.

Komabe nkhani ya kusankha timu idadzetsa mkangano waukulu mu 2004. Heath Streak, amene pa nthawiyo adali kaputeni, adasemphana ndi akuluakulu a bungwe loyendetsa masewerawa pa za osankha, ndipo atachotsedwa osewera anzake ambiri odziwa ntchito adanyanyala. Udindo udagwera Tatenda Taibu, mwana wa ku Highfield wa zaka 20, pamodzi ndi anyamata anzake amene adali asanakhwime. Adagonja moipa, ndipo mu 2006 Zimbabwe idayamba yapuma pa ma Test mpaka 2011. Apa tikuona kuti kutsekera ana kunja n'koipa, komanso kuwasenzetsa katundu asanalimbe khosi n'koipanso. Ntchito ya ku Highfield sidapite pachabe, pakuti mu Epulo 2025 mwana wina wokulira komweko, Blessing Muzarabani, adatulutsa anthu 9 pamene Zimbabwe idagonjetsa Bangladesh ku Sylhet.

Nanga kuno kwathu?

Dziko lathu la Mozambique silisewera Test, ngakhalenso anansi athu a ku Malawi. Koma maiko onse awiri ali ndi matimu a kiriketi yaifupi yotha maola ochepa. Mu Novembala 2019 matimuwa adakumana ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa chikho chotchedwa Kwacha, amuna paokha ndi akazi paokha. Kwa amuna, Malawi idapambana kasanu ndipo Mozambique kamodzi. Taganizani: mbendera yathu idakwezedwa ku Blantyre, ulendo wa maola ochepa kuchokera pa Zóbuè, koma ndi angati mwa ife adamva? Masewerawa adakhazikika kwambiri ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo wosankha timu sangasankhe mwana amene sadamuonepo.

Phunziro limeneli si la kiriketi yokha. Likukhudzanso mpira wa miyendo, liwiro, ndi masewero onse amene ana athu amapikisana nawo kusukulu. Nkhani ya Olonga ikutionetsa zinthu zitatu zimene mwana amafunika kuti dzina lake lifike patebulo la osankha. Choyamba ndi sukulu, chifukwa kumeneko ndiko luso limaonekera. Chachiwiri ndi mphunzitsi womuongola akalakwitsa, osati womuthamangitsa. Chachitatu ndi chitupa.

Pa chachitatuchi m'pamene ife a m'malire timagwa kawirikawiri. Ambiri mwa makolo a lero adabadwira ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza kapena m'misasa ya ku Zimbabwe pa nthawi yothawa nkhondo. Ena mpaka pano amakachilira kuchipatala cha kutsidya chifukwa ndicho chili pafupi, mwana n'kukula osalembetsedwa mbali iliyonse. Pamudzi palibe amene amafunsa, popeza tonse ndife amodzi, chilankhulo chimodzi, maliro ndi maukwati timayenderana. Koma tsiku limene mwanayo adzafunidwe ku timu ya chigawo, kapena kukalemba mayeso, adzafunsidwa sedula ndi bilyeti. Olonga adali ndi anthu om'thandiza ndipo vuto lake lidatha m'miyezi yochepa. Mwana wa mlimi akaphonya mwayi woyamba, wachiwiri sabwera msanga.

Choncho inu makolo, mukakolola ndi kugulitsa, patulani tsiku limodzi lopita ku ofesi yolembetsa ana. Inu mafumu ndi alembi a m'mabairo, kumbutsani anthu anu pamisonkhano. Ndipo inu aphunzitsi, mukaona mwana wodziwa kugenda kapena wothamanga kuposa anzake, lembani dzina lake ndipo mukambirane ndi makolo ake za zitupa nthawi ikadalipo.